Vuto Lililonse Lili ndi Khomo Lake

Akuluakulu anati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Koma ukatsekula chitsekocho, ulowera kuti? Ambiri timavutika mwakachetechete chifukwa sitidziwa khomo loti tigogode. Lero tikambirana kumene tingapite tikadwala, tikasowa wotithandiza, kapena phokoso likatisowetsa tulo.

Mukadwala

Yambani ndi APE, mlangizi wa zaumoyo wa m'mudzi mwanu. Iye amayeza malungo pobaya chala, ndipo amapereka mankhwala a malungo, a kutsegula m'mimba ndi a chibayo cha ana. Matenda akamukulira, amakutumizani kuchipatala.

Koma mwana akakomoka, akamasanza chilichonse, akamalephera kuyamwa kapena kupuma bwino, musachedwe, thamangirani kuchipatala. Chimodzimodzi mayi woyembekezera akayamba kutaya magazi. Ngati mumakhala kutali, funsani anamwino za nyumba yodikirira amayi, kuti masiku akayandikira mukakhale pafupi.

Amene mumamwa ma ARV, funsani za magulu a GAAC. Magulu amenewa anayambira konkuno ku Tete mu 2008. Anthu osapitirira 6 amagwirizana, ndipo amasinthana kupita kukatengera anzawo mankhwala. Motero ndalama yoyendera imachepa, ndipo kumunda sikugona.

Mukasowa wokuthandizani

Okalamba, olumala ndi odwala matenda okhalitsa amene alibe pogwira angathe kulembetsa ku INAS, bungwe la boma lothandiza ovutika. Afumu kapena mlembi wa bairo adzakulozerani njira yake.

Mayi kapena mwana akachitiridwa nkhanza, kupolisi kuli ofesi yapadera yolandira nkhani za mabanja ndi ana. Wogwiriridwa afike kuchipatala asanathe maola 72, kuti alandire mankhwala oteteza ku HIV. Pa nkhani za ana imbani 116. Ngati wina akufuna ndalama kapena thupi lanu kuti akulembeni pa chithandizo cha mabungwe, imbani 1458. Manambala onse awiriwa ndi aulere.

Phokoso nalonso limadwalitsa

Chigayo, jenereta, makina ocheka matabwa ndi masipika a m'baraka zimawononga makutu pang'onopang'ono. Tizigawo ta m'kati mwa khutu timene timamva mawu tikafa, sitimeranso. Phokoso loposa madesibelo 85 ndi loopsa kwa munthu amene amakhalamo maola 8 tsiku lililonse. Kuti mudziwe simufunika makina: ngati mukuchita kukuwa polankhula ndi munthu amene mungamukhudze ndi dzanja, phokosolo lapyola muyeso. Phokoso la usiku limasokoneza tulo, ana amawodzera m'kalasi, ndipo akulu lingawawonjezere vuto la kuthamanga kwa magazi.

Nanga tichite chiyani?

Choyamba, lankhulani ndi mwini phokosolo masana, ali bwinobwino, osati usiku mowa uli m'mutu. Mupempheni atsitse mawu pofika nthawi yogona, kapena alozetse sipika kumene kulibe nyumba.

Chachiwiri, akakana, pitani ndi anansi awiri kapena atatu kwa mkulu wa nyumba khumi, kenaka kwa afumu kapena mlembi wa bairo. Lembani masiku ndi maola amene phokoso limachitika, kuti nkhani isaoneke ngati kaduka.

Chachitatu, zikakanika pamenepo, nkhani ipite kubwalo la milandu la m'dera. Okhala m'matauni ngati Tete, Moatize ndi Ulónguè angathenso kukadandaula ku Município, kumene kuli apolisi a m'tauni.

Inu ogwira ntchito m'chigayo, pemphani abwana anu zotsekera m'makutu, ndipo muzitulukako panja kuti makutu apume. Amayi, musaime pafupi ndi makina kapena sipika mwana ali kumsana. M'makutu mukamalira kosalekeza, kapena mwana akamatuluka mafinya m'khutu, pitani kuchipatala. Musalowetsemo nthenga, kamtengo ka machesi kapena mankhwala osalembedwa ndi achipatala.

Okondedwa omvera, khomo loyamba likapanda kutseguka, musabwerere kunyumba kukakhala chete. Gogodani lotsatira. Sungani kapepala aka, ndipo muwawerengere anansi anu amene satha kuwerenga.