Anyamata awiri anzeru, mathero osiyana

Makolo ambiri akaona ana akuonera makatuni a ku Japan otchedwa anime amati ndi zachibwana. Komatu muli phunziro.

Mu Death Note, yomwe idayamba kuonetsedwa mu 2006, Light Yagami, katswiri m'kalasi, adatola buku lopha aliyense wolembedwamo dzina. Pofuna kukonza dziko, adayamba ndi zigawenga, kenako omutsutsa, mpaka naye adafa.

Edward Elric wa mu Fullmetal Alchemist adaduka mwendo poyesa kuukitsa mayi ake, ndi mkono populumutsa mng'ono wake, Alphonse. Atavomera kulakwa, adagwirizana ndi anzake kugonjetsa chiwembu cha olamulira dziko lawo, Amestris.

Nzeru adali nazo onse, koma Light adaiwala kuti mutu umodzi susenza denga.