Maseko: Dzina la Mafuwa, Osati la Kuseka

Mayina akamaitanidwa m'kalasi timamva a Banda, a Phiri ndi a Mwale motsatizana, koma a Maseko amamveka mwa apo ndi apo. Ambiri a ife timaganiza kuti dzinali likuchokera ku mawu oti kuseka. Ayi ndithu. Dzinali ndi la Chingoni. M'Chizulu, chomwe ndi chibale cha Chingoni, amaseko ndi mafuwa, miyala itatu ija timaterekapo mphika.

Maseko ndi mfunda wa mafumu a Angoni a ku Ntcheu ndi ku Dedza. Makolo awo anachoka kudera lomwe lero ndi Eswatini pa nthawi ya nkhondo za m'masiku a Shaka. Motsogozedwa ndi Mputa, anawoloka Zambezi n'kukafika ku Songea m'dziko la Tanzania. Mputa ataphedwa kumeneko, Chidyaonga anabwerera nawo kumwera n'kukhazikika ku phiri la Domwe, ku Mozambique. Kuchoka apo ufumu unagwera Chikuse, kenako Gomani Woyamba, amene anaphedwa ndi Angerezi mu 1896. Mwana wake, Philip Gomani Wachiwiri, anachotsedwa paufumu mu 1953 chifukwa chokana chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, ndipo anamwalira mu 1954.

Nanga bwanji dzina lotchuka chonchi n'losowa m'makaundula athu? Sukulu, mipingo ndi boma zitayamba kulemba anthu, ambiri ankalembetsa dzina la bambo kapena la agogo awo, mfunda n'kutsala pakamwa pokha. N'chifukwa chake ambiri a banja lachifumu amadziwika kuti a Gomani. Chinanso, Angoniwa anakwatirana ndi Achewa, ana n'kukula akuyankhula Chichewa, tanthauzo la dzinali n'kuiwalika. Ku Eswatini ndi ku South Africa, komwe mfunda ndiwo umalembedwa, a Maseko ndi ochuluka. Kuno kwathu timawapeza kwambiri ku Ntcheu, Dedza ndi kutsidya kwa malire ku Angónia, ndipo chaka ndi chaka amasonkhana pa mwambo wa Umhlangano kwa Nkolimbo.

Mateyu anayamba uthenga wake ndi mndandanda wa makolo a Yesu, chifukwa mayina amasunga mbiri. Ife athu tikuwadziwa mpaka pati? Agogo amene angatiuze mfunda wathu akutha mmodzimmodzi. Tchuthi chikubwerachi, Sabata masana tikaweruka ku tchalitchi, tikhale nawo pakhonde ndi kope m'manja, tiwafunse kuti, "Agogo, kodi mfunda wathu ndi chiyani, nanga tinachokera kuti?"