Tikumbukire bambo Patrick Mahany, msilikali wakale amene ankaulutsa odwala

Munthu akadwala mwakayakaya timathokoza dokotala ndi namwino. Koma kodi munaganizirapo za uja amamufikitsa kuchipatala? Lero tikuuzani za mmodzi wa anthu oterewa.

Bambo Patrick Mahany anali a ku America. Ali mnyamata ankayendetsa helikopita za asilikali pa nkhondo ya ku Vietnam, ndipo anapatsidwa mendulo ya Purple Heart, yomwe amalandira asilikali ovulala kunkhondo. Pambuyo pake anagwira ntchito zaka 27 ku Flight For Life, gulu la ambulansi za mumlengalenga lomwe linayamba mu 1972 mumzinda wa Denver, m'chigawo cha mapiri cha Colorado.

Pa 3 Julayi 2015 bambo Mahany ananyamuka pachipatala cha ku Frisco ali ndi anamwino awiri. Tsikulo sananyamule wodwala. Helikopita itangodzuka inayamba kuzungulira, ndipo isanathe mphindi imodzi inagwa pamalo oimikapo magalimoto n'kuyaka moto. Bambo Mahany anamwalira ali ndi zaka 64. Anamwinowo anapulumuka, koma mmodzi, Dave Repsher, anapsa magawo 90 pa 100 a thupi lake.

Chinalakwika n'chiyani? Mu 2017 bungwe lofufuza ngozi la NTSB linati zikuoneka kuti switchi ina, yomwe woyendetsa amazimitsa poyesa makina asananyamuke, sinayatsidwenso. Switchiyo ndi imene imathandiza kuwongolera chopukusa cha kumchira, ndipo munalibe nyali yochenjeza kuti ndi yozima. Komanso thanki ya mafuta inaphulika pogwa, n'chifukwa chake moto unabuka.

Akazi awo, mayi Karen Mahany, sanangokhala n'kumalira. Iwo ndi anzawo anapempha opanga malamulo kuti achitepo kanthu. Mu 2018 dziko la America linakhazikitsa lamulo loti helikopita zopangidwa chatsopano zikhale ndi matanki osabooka msanga pa ngozi.

Mwaona, owerenga athu, kuti ngakhale katswiri wa zaka zambiri amafunika chipangizo chomuteteza. Choncho inu oyendetsa ambulansi, musanyamuke musanaone mabuleki, matayala ndi nyali, ngakhale changu chikhale chotani. Enafe tikamva kulira kwa ambulansi pamsewu, tipatuke msanga. Mkatimo muli wodwala, komanso muli anthu amene ana awo akuwadikira kunyumba.