Magalasi a Augmented Reality: Nchito Zao ndi Nkhani ya Cinsinsi ca Munthu

1.0 Mau Oyamba

Nkhani ino ikulongosola zipangizo zovala kumaso za luso lochedwa augmented reality. Mfundo yathu ndi yakuti vuto lalikulu la zipangizozi siligwera wozivala ai, koma munthu amene akupenyedwa.

2.0 Ciyambi ndi Nchito Zake

Wovala cipangizoci amaona zomuzungulira monga mwa masiku onse, koma pamwamba pa zimene akuonazo kompyuta imasanjikapo malemba kapena zithunzi. Ivan Sutherland anapanga cimodzi mwa zipangizo zoyambirira za mtunduwu ku Harvard mu 1968. Dzina la lusoli linacokera kwa Tom Caudell wa kampani ya Boeing kuciyambi kwa zaka za m'ma 1990, pofuna njira yoonetsera amisiri kalumikizidwe ka nthambo za magetsi za ndege. Mu 2020, madokotala a ku Johns Hopkins anacita opaleshoni ya msana uku akuona zithunzi za mafupa a wodwalayo m'magalasi ao.

3.0 Vuto la Cinsinsi

Kuti cithunzi cikhale pamalo pake, cipangizo ciyenera kuyamba caona malowo. Motero makamera ake amajambula cipinda, katundu ndi nkhope za onse okhalamo. Wogula amavomera yekha malamulo a kampani. Wodutsa m'njira safunsidwa. Magalasi a Google Glass atatuluka mu 2013, malo ena omwera mowa ku America anawaletsa, ndipo mu 2015 kampaniyo inaleka kuwagulitsa kwa anthu wamba. Mu 2021, maofesi oteteza cinsinsi ca anthu ku Ireland ndi ku Italy anakayika ngati kanyali ka pa magalasi a kamera a Ray-Ban Stories kanali kokwanira kucenjeza munthu kuti akujambulidwa. Mu 2024, ophunzira awiri a ku Harvard analumikiza magalasi otere ndi pulogalamu yozindikira nkhope, nasonyeza kuti nkotheka kupeza dzina ndi kwao kwa munthu wosamudziwa pongomuyang'ana.

4.0 Mau Omaliza

Mwa mwambo wathu, mlendo amaima pabwalo nanena kuti "Odi!", ndipo salowa m'nyumba mwini wake asanamuyankhe. Magalasiwa amalowa m'moyo wa munthu popanda odi. Conco lamulo loteteza wogula yekha ndi losakwanira. Pafunika lamulo lopatsa wopenyedwayo mphamvu ya kudziwa kuti akujambulidwa, ndiponso ya kukana.