MADZI NDI NTHAKA PA BWALO LA MAIKO

Caka ndi caka, pa nyengo imene alimi ali kusosa minda ndi kuyang'ana mitambo, nthumwi za maiko pafupifupi 200 zisonkhana mu mzinda umodzi kukambirana za kusintha kwa nyengo. Owerenga athu ambiri amamva za misonkhano imeneyi pa wailesi, nayesa kuti ndi nkhani ya anthu ophunzira okha. Si tero ai. Mlandu umene ukambidwa kumeneko ndi wa mvula yanu ndi munda wanu, cotero nkoyenera kuti banja liri lonse lidziwe m'mene uyendera.

Gwero la mlandu

Mafakitale, magalimoto ndi makina opanga magetsi akamatentha malasha ndi mafuta atulutsa mpweya umene ukhala kumwamba zaka zambiri, nutsekereza kutentha kwa dzuwa monga bulangete. Dziko likafunda, mvula isokonezeka: kwina icedwa, kwina idula cimanga ciri kumasula, kwinanso igwa ya mwezi wathunthu pa tsiku limodzi. Maiko onse a mu Africa pamodzi satulutsa ngakhale magawo 4 mwa magawo 100 a mpweya umenewu, komatu ndiwo amene alimi ao ambiri adalira mvula yokha.

M'caka ca 1992 maiko anapangana ku Rio de Janeiro, m'dziko la Brazil, kuti athandizane pa bvutoli, ndipo msonkhano woyamba unacitika ku Berlin mu 1995. Mu 2015 ku Paris anabvomerezana kuti kutentha kwa dziko kusaonjezeke ndi madigiri 2 pa m'mene kunaliri mafakitale asanacuruke, ndi kuyesetsa kuti kulekeze pa digiri imodzi ndi theka.

Cimene cinaiwalika

Kwa zaka zambiri mkangano waukuru unali wa mpweya wokha: ndani acepetse, ndipo acepetse motani. M'pangano la ku Paris mulibe ngakhale liu limodzi lochula madzi. Koma mlimi saona mpweyawo ndi maso. Iye aona citsime couma mwezi wa Ogasiti, dimba lopanda cinyontho, ndi nthaka yacajila yokokoloka kupita ku mtsinje.

Tonse tikumbukira cilala ca 2024. Pa 29 Febuluwale Mtsogoleri wa dziko, a Hakainde Hichilema, analengeza kuti dziko liri pa tsoka. Maboma 84 mwa maboma 116 anakhudzidwa, ndipo mwa mahekitala 2,200,000 amene anabzalidwa cimanga, pafupifupi 1,000,000 anapsa. Zokolola zinatsika kucokera pa matani oposa 3,000,000 a caka ca 2023 kufika pa matani ngati 1,500,000. Madzi a m'nyanja ya Kariba anacepa kotero kuti magetsi anali kuzima kufikira maola 21 pa tsiku, zigayo zambiri nkuima. Cilala cinalipo kuyambira kale, koma dziko likafunda, dzuwa liumitsa nthaka msanga ndipo cilalaco cikula mphamvu.

M'mene nthumwi zathu zilimbikira

Dziko limodzi losauka silimveka pa bwalo lotere. Mutu umodzi susenza denga. Cifukwa cace maiko 54 a mu Africa alankhula ndi pakamwa pamodzi, ndipo m'zaka za 2022 ndi 2023 wapampando wa gulu lao anali wa ku Zambia, a Ephraim Shitima. Zimene gululi lipempha ndi zitatu. Coyamba, ndalama zothandiza anthu kupirira nyengo yatsopano, monga za madamu, mijigo, ulimi wothirira ndi mbeu zoca msanga, zisacepe poyerekeza ndi ndalama zocepetsera mpweya. Caciwiri, ndalamazo zikhale thandizo, osati ngongole. Cacitatu, pakhale thumba lolipirira zimene zaonongeka kale.

Kulimbikira kwao kwabala zipatso pang'onopang'ono. Mu 2017 ku Bonn nkhani ya ulimi inapatsidwa malo ace, kuphatikizapo kasamalidwe ka nthaka, madzi ndi ziweto. Mu 2022 ku Sharm el-Sheikh, m'dziko la Egypt, madzi anachulidwa kwa nthawi yoyamba m'mau otsekera msonkhano, ndipo thumba lolipirira zoonongeka linabvomerezedwa. Mu 2023 ku Dubai madzi ndi cakudya zinalembedwa pakati pa zolinga zimene maiko onse ayenera kufikira, ndipo malonjezo oyamba a thumba lija anafika madola ngati mamiliyoni 700.

Komabe tisabvine msanga. Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pacala ngwa mphepo. Mu 2009 ku Copenhagen maiko olemera analonjeza madola mabiliyoni 100 caka ciri conse pofika 2020, koma anafikitsa mu 2022, ndipo gawo lalikuru linali ngongole. Mu 2024 ku Baku maiko osauka anapempha mabiliyoni 1,300 pa caka, napatsidwa lonjezo la mabiliyoni 300 pofika 2035. Caka comweco ku Riyadh, pa msonkhano wina wa za kuguga kwa nthaka, maiko a mu Africa anafuna pangano lomanga maiko onse pa nkhani ya cilala, koma msonkhano unatha osagwirizana.

Cenjerani ndi nkhalango zanu

Pali nkhani yina ya nthaka imene yacokera ku misonkhanoyi nifika kale m'midzi. Mitengo imwa mpweya woipa uja, ndipo cifukwa ca ici makampani alipira anthu kuti asunge nkhalango zao. Nchito yotere iripo m'cigwa ca Luangwa. Ingathe kupindulitsa mudzi, koma pangano lisanasainidwe, mfumu, nyakwawa ndi anthu onse, amai pamodzi, afunse bwino: Panganoli ndi la zaka zingati? Kodi tidzaloledwa kudula mirimo, kudyetsa ng'ombe, kufula uci ndi kuzula bowa? Ndalama zidzagawidwa motani, ndipo adzasunga ndani? Lamulo la Nkhalango la 1999 linalowedwa m'malo, ndipo lamulo la 2015 lilola anthu a m'midzi kupanga gulu lolembetsedwa loyang'anira nkhalango yao. Gulu lotere liri ndi mphamvu pokambirana koposa munthu mmodzi.

Gawo la mudzi

Nthumwi yopanda umboni igonja pa mlandu, ndipo umboniwo ucokera kwa inu. Lembani tsiku limene mvula yayamba ndi limene yaleka, mwezi umene citsime cauma, kukula kwa munda umene wapsa ndi ziweto zimene zafa. Zonsezi perekani kwa mlangizi wa zaulimi. Iye azitumiza ku boma, ndipo ziwerengero zotere ndizo zimene dziko lionetsa popempha thandizo. Mu 2018 thumba la Green Climate Fund linabvomereza madola mamiliyoni 32 othandiza alimi a m'maboma 16, mwa iwo Mambwe ndi Nyimba. Thandizo lotere lifika msanga kwa alimi amene ali m'makalabu ndi m'makopaletivu.

Ndiponso musadikire misonkhano kuti muyambe. Lekani kutentha mapesi, koma muwasiye aphimbe nthaka. Limani mizere yopingasa pa malo otsetsereka. Siyani mitengo ndi bango m'mbali mwa mitsinje, bzalani misangu m'minda, ndipo pambali pa cimanga musaiwale mapira, cinangwa ndi nyemba. Mau a nthumwi zathu alemera pamene maiko ena aona kuti eni nthaka ayamba kale kuisamala.