Galimoto ya dizilo pa maulendo aafupi a ku Capital Hill

Injini ya dizilo siyembekezera moto wa mapulagi, pakuti mpweya wopanikizidwa m'silinda umatentha mpaka dizilo kuyaka yekha. Wogula kumene galimoto yotere ayenera kudziwa kuti ulendo wochokera ku Area 47 kupita ku Capital Hill sutenthetsa injini mokwanira, choncho sefa yotchedwa DPF, imene imagwira mwaye wa utsi m'magalimoto amakono, imatsekeka pang'onopang'ono ngati galimotoyo siithamangitsidwako pa msewu wa M1. Choopsa koposa ndi dizilo wa m'zigubu, amene nthawi zina amasakanizidwa ndi palafini kapena madzi, n'kuwononga pampu ndi mainjekita, tizipangizo topopera mafuta m'silinda. Mafuta akasowa, kupirira pamzere pamalo omwetsera mafuta n'kotchipa kusiyana ndi kukonzetsa pampu.