Nyanja ya Chilwa ikaphwa, mbewu ya nsomba imabisala kuti?

Nyanja ya Chilwa, yomwe ili pakati pa maboma a Machinga, Zomba ndi Phalombe, ilibe mtsinje wotulutsa madzi. Ndi yosaya, ndipo mvula ikavuta zaka ziwiri kapena zitatu zotsatizana, dzuwa limamwa madzi onse. Inaphwa mu 1968 ndi mu 1995, ndipo mu 2018 mbali yaikulu inasanduka matope ong'aluka. Mu 1995 anthu ankafika pachilumba cha Chisi wapansi kuchokera pa doko la Kachulu, ulendo womwe masiku onse umafuna bwato.

Kumaiko akunja kuli zilumba zomwe munthu amafikako wapansi madzi a m'nyanja yamchere akabwerera, ndipo mlendo amauzidwa pa doko pomwe nthawi yowolokera ndi malo osayenera kupondapo. Madzi a kumeneko amapita ndi kubwera tsiku lililonse. A Chilwa amatenga zaka, choncho nkosavuta kuiwala kuti adzabweranso.

Alendo a Chisi si azungu ojambula mbalame okha ayi. Ambiri ndi ife tomwe: asodzi ochokera kutali omwe amagona m'zimbowera, ogula nsomba, osaka mbalame, ndiponso alimi otsatira chinyontho madzi akaphwa. Awa ndiwo ofunika kuwaphunzitsa, chifukwa ndiwo amagwira nkhwangwa, ukonde ndi moto.

Phunziro loyamba ndi la nsomba. Nyanja ikamauma, matemba, makumba ndi milamba zimathawira m'maiwe a mitsinje monga Domasi, Likangala, Thondwe ndi Phalombe. Nsomba zochepa zotsala m'menemo ndizo zimadzadzanso nyanja yonse madzi akabwera. Mlimi aliyense amadziwa kuti mbewu sitidya ngakhale njala ikule bwanji. Amene athira katupe m'dziwe, kapena kukokamo ndi neti yoteteza udzudzu, wadya mbewu ya anthu a maboma atatu. Izi zikutikhudza kwambiri ife a ku Machinga, popeza mtsinje wa Domasi ndi womwewo umathirira mpunga pa sikimu ya Domasi kwa Mposa. Tikapatutsa madzi onse m'chilimwe osasiyako oyenda kumunsi, maiwe aja amauma.

Chachiwiri ndi njedza. Kwa wofuna munda watsopano, udzu umenewu umaoneka ngati tchire longoyenera kutentha. Koma m'njedza ndi momwe nsomba zazing'ono zimabisala, ndiponso momwe mbalame za m'madzi zimaikira mazira. Njedza amagwiranso matope ochokera m'minda yathu ya m'mapiri a Chikala ndi Malosa. Munda wopanda akalozera kumtunda ndiwo umakwirira nyanja kumunsi.

Chifukwa cha mbalame zimenezi, zina mwa izo zochokera ku Ulaya, Chilwa inakhala dambo loyamba m'dziko muno kulowa m'pangano la Ramsar mu 1996, ndipo mu 2006 bungwe la UNESCO linaiika m'gulu la malo osungirako chilengedwe pamodzi ndi anthu ake. Mapangano oterewa saletsa kudya mbalame. Osaka ena anapanga makalabu omwe amapatula malo oswanirana ndi nyengo yoleka kusaka, mothandizidwa ndi a Wildlife and Environmental Society of Malawi. Vuto nlakuti malamulo a kalabu amamanga eni mudzi, pamene mlendo wa sabata ziwiri sanawamvepo.

Pa Chisi penipeni nkhani ndi mitengo. Chilumba sichikula, ndipo nkhuni zowambira milamba zimachokera m'mapiri ake omwewo. Matemba angathe kuyanikidwa pa thandala, ndipo uvuni wotseka bwino umadya nkhuni zochepa kusiyana ndi moto wa pamtetete.

Ine ndikuona kuti maphunzirowa safuna nyumba ya malata kapena galimoto ya pulojekiti. Malo ake ndi pa doko, pomwe mlendo aliyense amaima kudikira bwato. Komiti ya pa doko ndi nyakwawa angathe kumuuza asanatsitse katundu: nyengo yomwe makoka ndi oletsedwa m'dzinja, maiwe osasodzamo, njedza wosatentha, ndi koti akagule nkhuni. Chikwangwani cholembedwa m'Chichewa ndi m'Chiyao pa Mposa ndi pa Kachulu chingathandize, ndipo ana a sukulu a m'makalabu a zachilengedwe angathe kuchilemba okha.